Osoka Zovala Osalembedwa Ntchito ku India: Mafunso ndi Mayankho

Zovala zambiri zochokera ku India zimadutsa m'manja mwa anthu amene maina awo sapezeka m'buku la kampani iliyonse. Anthuwa luso ali nalo, ntchito amagwira, koma chakudya cha mawa sichitsimikizika. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza chimene chimachititsa kuti wina akhazikike pamene mnzake akungokhalira kugwa m'ngongole.

Kodi osoka osalembedwa ntchito ndi anthu otani?

Ndi anthu amene amadya za kusoka, kudula nsalu, kuika mabatani kapena kukongoletsa zovala, koma alibe kalata ya ntchito, tchuthi cholipidwa, penshoni kapena inshulansi yochokera kwa bwana. Ena amasokera kunyumba, ena m'timashopu ta anthu ochepa, ndipo ena ali m'fakitale momwemo koma anachita kubweretsedwa ndi kontirakitala. Onsewa akadwala kapena ntchito ikatha, palibe amene lamulo limamukakamiza kuwasamala.

Kodi onse amagwira ntchito mofanana?

Ayi, alipo magulu awiri. Loyamba ndi la odziimira paokha, amene amagula okha nsalu n'kudzipezera makasitomala, monga achitira telala wa pakhonde kwathu kuno. Lachiwiri ndi la ochita kupatsidwa ntchito: kontirakitala amabweretsa nsalu yodula kale, iwo n'kusoka, iye n'kudzatenga. A gulu loyamba amadera nkhawa msika, pamene a gulu lachiwiri moyo wawo wonse uli m'manja mwa munthu mmodzi wobweretsa ntchitoyo.

Alipo ochuluka bwanji?

Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linawerengera kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 260 miliyoni ankagwirira ntchito kunyumba. Ku India kokha, bungwe la WIEGO litasanthula kafukufuku wa boma wa 2017 mpaka 2018 linapeza kuti anthu otere ndi oposa 40 miliyoni. Mwa amene amapanga katundu kunyumba, osoka ndi okonza nsalu ndi limodzi mwa magulu aakulu kwambiri.

Amapezeka m'madera ati?

Dera lililonse lili ndi ntchito yake. Ku Tiruppur, m'chigawo cha Tamil Nadu, amasoka matisheti opita kunja, ndipo amayi a m'nyumba zozungulira mafakitale amadula ulusi wotsalira ndi kupinda zovala. Ku Lucknow kumadziwika ndi maluwa osoka pamanja otchedwa chikankari, ku Bareilly ndi zokongoletsa za ulusi wonyezimira zotchedwa zari, ndipo ku Ludhiana ndi majuzi. Ku Delhi, ku Jaipur, ku Ahmedabad ndi ku Dharavi mumzinda wa Mumbai nakonso kuli osoka ambiri a m'nyumba ndi a m'timashopu.

Chovala cha kampani yakunja chimafika bwanji panyumba ya munthu wamba?

Kampani ya ku Ulaya kapena ku America imapereka oda kufakitale ya ku India. Fakitaleyo imasoka mbali yaikulu ndi makina, koma ntchito yamanja, monga kuika mikanda, imaipereka kwa kontirakitala amene kumeneko amamutcha thekedar. Iyeyu amatha kuipatsiranso mnzake wamng'ono, amene amayenda nayo khomo ndi khomo. Aliyense panjirapo amatapako yake, choncho wosoka amalandira zotsalira ndipo nthawi zambiri sadziwa n'komwe kuti chovalacho ndi cha kampani iti.

Bwanji fakitale osangowalemba ntchito anthuwa?

Maoda amabwera mwa apo ndi apo, ndiye eni fakitale safuna kulipira anthu m'miyezi yopanda ntchito. Malamulo nawonso amayang'ana chiwerengero cha antchito: inshulansi ya zaumoyo ya ESI imakhudza mafakitale a anthu 10 kupita m'mwamba, ndipo thumba la ndalama za paukalamba la EPF limayambira pa anthu 20. Ntchito ikagawidwa m'timashopu ndi m'nyumba, chiwerengerocho sichikwana, ndipo udindo wa bwana umathera pomwepo.

Tikamati munthu ndi wotetezeka pa kapezedwe kake, tikutanthauza chiyani?

Bungwe la amayi la SEWA limati munthu wakhazikika akakhala ndi zinthu zinayi. Ntchito izipezeka mosadukiza, ndalama zizikwanira, chakudya chisamasowe pakhomo, ndipo pakhale pothawira pa matenda, polera ana, pa malo ogona ndi pa ngozi. Chimodzi chikasowa, zinazo zimagwedezeka: mayi wolipidwa bwino miyezi itatu yokha pachaka, kapena amene ndalama zake zonse zimathera kuchipatala, sanakhazikike.

Malipiro amawerengedwa bwanji?

Ambiri salipidwa patsiku kapena pamwezi, koma pa chovala chilichonse kapena pa dazeni. Mtengo amautchula ndi kontirakitala, pakamwa pokha, ndipo sayeza kuti ntchitoyo imadya maola angati. Ndalama zimatha kubwera patapita milungu kapena miyezi, mwinanso zoperewera. Ngongole yotsalirayo imamangirira wosoka, chifukwa akasiya kontirakitala ameneyo amaopa kuti za m'mbuyo zipita.

Ndiye amapeza ndalama zingati?

Zimasiyana malinga ndi dera komanso luso, koma kawirikawiri n'zochepa kwambiri. Lipoti la Siddharth Kara la ku University of California, Berkeley, lotuluka mu 2019, linafunsa osoka a m'nyumba oposa 1,400 amene ankagwira ntchito ya zovala zopita kunja. Linapeza kuti pa avereji ankalandira pafupifupi masenti 15 a ku America pa ola. Ambiri mwa iwo anali amayi ndi atsikana.

Kodi lamulo la malipiro ochepetsetsa siliwateteza?

Papepala limawateteza, popeza chigawo chilichonse cha India chimaika malipiro ochepetsetsa a ntchito zosiyanasiyana, ndipo wolipidwa pa chovala sayenera kutsika pamenepo. Vuto ndi umboni. Kuti munthu akadandaule, ayenera kuonetsa kuti bwana wake ndani, wasoka zingati ndipo walandira zingati. Kontirakitala akakana kuti samudziwa, wosoka wopanda kalata kapena kabuku amasowa pogwira.

Pali ndalama zimene wosoka amatulutsa m'thumba mwake?

Zilipo zambiri, ndipo n'zimene zimadya phindu mwakachetechete. Makina ndi ake, mafuta a makina, singano ndi magetsi amalipira yekha, ndipo nthawi zina ngakhale ulusi. Ngati amakatenga ndi kukasiya yekha katundu, thiransipoti nayo ndi yake. Chovala chikakanidwa kuti chathimbirira kapena msoko wapotoka, amamudula malipiro kapena amabwereza ntchitoyo ulere.

Kodi ntchito imakhalapo chaka chonse?

Ayi. Msika wa m'dzikomo umatentha chikondwerero cha Diwali kapena cha Eid chikayandikira komanso m'nyengo ya maukwati, pamene maoda akunja amatsata nyengo ya zovala ku Ulaya ndi ku America. Nthawi yotanganidwa anthu amachezera usiku, mpaka ana amathandizako kuti oda ithe. Ikadutsa nyengoyo pamakhala miyezi ya zii, ndipo ambiri amakongola kwa akatapila kuti adikire nyengo ina.

Nanga kukagwa zadzidzidzi m'dziko zimawakhudza bwanji?

Iwo ndiye amayamba kumva kuwawa. Pa 8 November 2016 boma linathetsa mwadzidzidzi ndalama zamapepala za marupi 500 ndi 1,000, ndipo makontirakitala amene amalipira pamanja anasowa cholipirira anthu awo. Pa 24 March 2020 dziko lonse linatsekedwa chifukwa cha Covid-19 anthu atachenjezedwa maola anayi okha, makampani akunja anathetsa maoda, ndipo ambiri sanalipidwe ngakhale pa zimene anali atasoka kale. Mu August 2025 dziko la America litakweza msonkho wa katundu wa ku India kufika pa 50 peresenti, maoda a ku Tiruppur nawo anachepa.

Nyumba ikukhudzana bwanji ndi ntchito yosoka?

Kwa wosoka wa kunyumba, chipinda chogona ndiye fakitale yake komanso mosungira katundu. Denga likamadontha nsalu imaonongeka, magetsi akazima makina amaima, ndipo malo akachepa sangalandire oda yaikulu. Kusamutsidwa n'koopsa koposa: mabanja amene anachotsedwa pakati pa mzinda wa Delhi n'kupita ku Savda Ghevra, masewera a Commonwealth a 2010 asanachitike, anatalikirana ndi misika komanso anthu amene ankawapatsa ntchito.

Ntchitoyi imaononga thanzi?

Kukhala chowerama tsiku lonse kumapweteketsa msana ndi khosi, kusoka mikanda pamalo amdima kumafooketsa maso, ndipo fumbi la nsalu limayambitsa chifuwa. Popeza malipiro amatsata kuchuluka kwa zimene wasoka, tsiku logona ndi matenda ndi tsiku lopanda ndalama. Kutentha nakonso kwakula moti m'nyumba za malata ntchito imaima masana. Mu 2023 SEWA inayesa inshulansi imene imalipira yokha kutentha kukapitirira mlingo woikidwa, ndipo inayamba ndi amayi 21,000 m'chigawo cha Gujarat.

Kodi kukhala mayi, kapena mtundu wa munthu, kuli ndi mbali pa nkhaniyi?

Kuli nayo yaikulu. Amayi ambiri amasokera kunyumba chifukwa cholera ana, kusamala okalamba, kapena chifukwa mwambo suwalola kukagwira ntchito kutali, ndipo kontirakitala amadziwa kuti alibe kwina kopita. Ntchito zolipira bwino, monga kudula nsalu ndi kusoka chovala chathunthu, kawirikawiri zimapita kwa amuna. Lipoti la 2019 lija linapezanso kuti pafupifupi onse amene anafunsidwa anali Asilamu kapena a m'magulu amene mwambo wa ku India umawaika pansi, monga a Dalit.

Kukhala ndi makina ako komanso luso kumathandiza?

Kumathandiza. Wokhala ndi makina amagetsi amasoka zambiri patsiku kuposa wopalasa ndi mapazi, ndipo wodziwa kuyeza ndi kudula atha kulandira makasitomala ake osadalira kontirakitala. Komabe luso palokha silikweza mtengo ngati wogula ali mmodzi ndipo osoka ali ambiri. Amayi osoka maluwa a chikankari ndi aluso kwambiri, koma phindu lalikulu limatsalira kwa amalonda amene amafika kumsika.

Kodi malamulo amawazindikira anthu amenewa kuti ndi antchito?

Lamulo la ku India la 2008 lokhudza chisamaliro cha antchito osalembedwa linatchula ogwirira ntchito kunyumba, ndipo lamulo la 2020 limene linasonkhanitsa malamulo a chisamaliro cha antchito limawatchulanso. Malamulowa anapatsa boma mphamvu yokhazikitsa ndondomeko zowathandiza, koma sanakakamize kontirakitala kapena fakitale kuwasonkhera penshoni. Pangano la ILO nambala 177 la mu 1996 limati wogwirira ntchito kunyumba azisamalidwa mofanana ndi wolembedwa. Mayiko amene analivomereza ndi ochepa, ndipo India sali m'gulu lawo.

Kodi e-Shram ndi chiyani, ndipo ndani angalembetse?

Ndi kaundula wa boma wa antchito osalembedwa, amene anatsegulidwa pa intaneti mu August 2021, ndipo olembetsa anapitirira 300 miliyoni. Woyenera kulembetsa ndi munthu wa zaka 16 mpaka 59 amene sali mu ESI kapena EPF komanso salipira msonkho wa pa ndalama zimene amapeza. Telala wodziimira payekha, wosoka wa kunyumba ndi wa m'kashopu kakang'ono onse amaloledwa.

Munthu amalembetsa bwanji?

Amafunika nambala ya chiphaso cha dziko chotchedwa Aadhaar, nambala ya foni yolumikizidwa ku chiphasocho, ndi akaunti ya kubanki. Atha kulembetsa yekha pa foni, kapena kupita kumalo othandizira anthu pa ntchito za boma otchedwa Common Service Centre, kumene amamuzindikira ndi chidindo cha chala ngati foni yake sinalumikizidwe. Akamaliza amalandira khadi la nambala ya manambala 12, imene amaigwiritsa ntchito kulikonse m'dzikomo. Kulembetsa n'kwaulere.

Ndiye khadi limeneli limabweretsa ndalama?

Palokha silipereka malipiro, ndipo silisandutsa kontirakitala kukhala bwana wovomerezeka. Ntchito yake ndi yoti boma lidziwe kuti munthuyo alipo, amakhala kuti ndipo amachita chiyani, kuti thandizo likabwera lidzamupeze. Penshoni, inshulansi ndi ngongole zili ndi malamulo akeake, ndipo chilichonse munthu amayenera kuchifunsira pachokha.

Wosoka wotere angalandire penshoni?

Ilipo ndondomeko ya PM-SYM imene inayamba mu 2019. Amalowa ndi anthu a zaka 18 mpaka 40 amene sapeza zoposa marupi 15,000 pamwezi. Wolowa ali ndi zaka 18 amasonkha marupi 55 pamwezi, wa zaka 40 amasonkha 200, ndipo boma limaikapo ndalama yofanana. Akafika zaka 60 amalandira marupi 3,000 pamwezi, ndipo iye akamwalira, mkazi kapena mwamuna wake amalandira theka. Chovuta n'chakuti munthu wa ndalama zobwera mwa apo ndi apo amalephera kusonkha mosadukiza, ndipo kwa wopitirira zaka 40 khomo n'lotseka.

Nanga akadwala kapena akachita ngozi?

Ndondomeko ya PM-JAY, yoyamba mu 2018, imalipira mpaka marupi 500,000 pachaka pa banja ngati munthu wagonekedwa m'chipatala. Matelala ndi ogwirira ntchito kunyumba ali pamndandanda wa ntchito zoyenerera m'matauni, koma mabanja anasankhidwa potengera kalembera wa 2011, choncho ena osauka sapezekamo. Pa ngozi pali inshulansi ya PMSBY ya marupi 20 pachaka, imene imapereka marupi 200,000 munthu akamwalira kapena akalumala kotheratu. Zonsezi sizibwezera ndalama zimene wosoka wataya masiku amene sanagwire ntchito.

Angapeze kuti ngongole yogulira makina?

Mu September 2023 boma linakhazikitsa PM Vishwakarma, yothandiza amisiri a ntchito zamanja za mitundu 18, kuphatikizapo matelala. Woyenera ndi wa zaka 18 kupita m'mwamba wodziimira payekha, mmodzi yekha pabanja, ndipo akuluakulu a mudzi kapena khonsolo ya tauni amayenera kutsimikiza kuti ndi mmisiridi. Amaphunzitsidwa masiku angapo akulandira marupi 500 patsiku, amapatsidwa marupi 15,000 ya zipangizo, kenako atha kukongola marupi 100,000 popanda chikole pa chiwongoladzanja cha 5 peresenti. Akabweza bwino amaloledwa kutenganso 200,000.

SEWA imene ikutchulidwayi ndi chiyani?

Ndi bungwe la amayi ogwira ntchito zosalembedwa, limene Ela Bhatt analiyambitsa ku Ahmedabad mu 1972, ndipo mamembala ake ndi oposa 2 miliyoni. Poyamba akuluakulu a boma anakayikira kulilembetsa ngati bungwe la antchito chifukwa amayiwo analibe bwana wodziwika woti azikambirana naye. Mu 1974 amayi 4,000 anasonkha marupi 10 aliyense n'kutsegula banki yawo. Pambuyo pake bungweli linayambitsa makopaletivi, malo osungirako ana ndi inshulansi yake yotchedwa VimoSEWA.

Kulowa m'bungwe kumasintha chiyani kwenikweni?

Osoka a dera limodzi akagwirizana mtengo, kontirakitala sangawapikisanitse kuti atsitse. Bungwe limapereka chiphaso cha umembala, limalimbikitsa kabuku kolembamo ntchito ndi malipiro, ndiponso limathandiza kulondola ndalama zimene wina wakana kulipira. Ena amafika podumpha kontirakitala: ku Delhi, Ruaab ndi kampani ya amayi a SEWA imene imalandira maoda mwachindunji kuchokera kwa otumiza zovala kunja. Ndalama imene ikanatsalira panjira imafika kwa wosoka.

Makampani akuluakulu akanangoletsa kusokera kunyumba sizikanatha?

Kuletsa kumangochititsa kuti ntchitoyo ibisike. Fakitale imapitiriza kutumiza zovala m'nyumba, koma oyendera akabwera imakana, ndipo wosoka sangadandaule poopa kuti ntchito imuthera. Malangizo a bungwe la OECD a 2017 okhudza makampani a zovala ndi nsapato amalimbikitsa kuti ogwirira ntchito kunyumba azindikiridwe m'malo mochotsedwa. Zimenezi zimafuna kuti kampani idziwe maina awo, iyeze nthawi imene chovala chimadya poika mtengo, ndi kuonetsetsa kuti malipiro akufikadi.

Pa zonsezi, n'chiyani chimene wosoka angayambire?

Ayambire pa umboni: kabuku kolemba tsiku, chiwerengero cha zovala, mtengo ndi siginecha ya kontirakitala, ndipo ngati n'kotheka malipiro azilowa kubanki. Kenako alembetse ku e-Shram ndi kufunsira penshoni zaka 40 zisanadutse. Asadalire kontirakitala mmodzi, ndipo alowe m'bungwe la osoka anzake, chifukwa mtengo wa pa chovala sukwera munthu akamakambirana yekha. Zotsalazo, monga magetsi odalirika, malo osungirako ana ndi lamulo lokakamiza mafakitale kusonkhera anthu amene amawasokera, ndi udindo wa boma ndi makampani.